Kodi Woimba Ng'oma ya Mtima Ndani?

Mbiri ya nchito ya Pulofesa Denis Noble, amene anayamba kuwerengera kugunda kwa mtima pa kompyuta

Aliyense amene anatumbulapo mlamba wongouvuula kumene m'madzi anaonapo codabwitsa ici: mtima wa nsombayo umapitiriza kugunda kwa kanthawi ngakhale utacotsedwa m'thupi ndi kuikidwa pambali. Palibe ubongo woutuma, palibe magazi olowamo, koma kamnofu kaja kamangogundabe pakokha. Mtima wa munthu ulinso cimodzimodzi. Umayamba kugunda mwana akali m'mimba, patapita masabata atatu cabe kucokera pamene mai wake anaima, ndipo kuyambira pamenepo supumanso usana ndi usiku. Pa tsiku limodzi umagunda pafupifupi ka 100,000.

Pabwalo la gule ovina amatsata woimba ng'oma, ndipo ng'oma ikaleka gule waima. Nanga mumtima woimba ng'oma ndani? N'ciani cimene cimauza mnofu umenewu kuti tsopano finyika, tsopano masuka, kwa zaka 70 kapena 80 osalekeza? Funso limeneli ndilo linatenga moyo wonse wa nchito wa katswiri wina wa ku England, Pulofesa Denis Noble. Mu 1960, asanakwanitse zaka 25, iwo anakhala munthu woyamba kulemba masamu ofotokoza magetsi a m'maselo a mtima ndi kuwayendetsa pa kompyuta mpaka masamuwo anayamba kugunda okha. Nchito imene inayambira usiku m'cipinda capansi ca nyumba ina mu London, lero ikuthandiza pofufuza ngati mankhwala atsopano angaononge mtima wa wodwala.

MAGETSI A MUMTIMA

Kuti timvetse zimene a Noble anacita, tiyenera kuyamba tadziwa kuti mtima umayendera magetsi. Mnofu wa mtima unapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono tamoyo, tosaoneka ndi maso, timene timachedwa maselo. Selo lililonse lili ngati kanyumba kozingidwa ndi mpanda wopyapyala kwambiri. M'kati mwa kanyumbako ndi kunja kwake muli madzi a mcere, koma mcere wake ndi wosiyana: kunja kwaculuka sodiyamu, yemwe uja ali mu mcere wathu wa pandiwo, pamene m'kati mwaculuka potaziyamu. Mcere ukasungunuka m'madzi, tizigawo take timanyamula mphamvu ya magetsi. Motero pakati pa m'kati ndi kunja kwa selo pamakhala kusiyana kwa mphamvu, monga pakati pa mitu iwiri ya batire la toci. Batire la toci lili ndi mavoti 1.5, koma selo la mtima likamapuma limasunga mphamvu yosafika ngakhale gawo limodzi la magawo khumi a voti imodzi.

Pa mpanda uja pali tizipata tambirimbiri, ndipo kacipata kalikonse kamalola mtundu wake wa mcere. Tizipata ta sodiyamu tikatseguka, sodiyamu amakhamukira m'kati ndipo mphamvu ya magetsi imatembenuka mwadzidzidzi. Pamenepo tinganene kuti selo layaka, ndipo kuyakako ndiko cizindikiro cakuti lifinyike. Pambuyo pake tizipata ta potaziyamu timatulutsa potaziyamu, selo n'kuzima, n'kubwerera mwakale kukonzekera ulendo wina. Selo limodzi likayaka limayatsa linzake, linzakelo n'kuyatsa lina, ngati moto woyenda m'udzu wouma, mpaka mtima wonse wafinyika ndi kukankha magazi.

Akatswiri akale anali atapeza kale njira imene uthengawu umadzera. Mu 1839 a Jan Purkinje, katswiri wacicheki, anaona timinyewa tapadera m'makoma a zipinda za m'munsi za mtima, ndipo mpaka lero timachedwa ndi dzina lao. Mu 1907 a Arthur Keith ndi a Martin Flack anapeza kagulu ka maselo pamwamba pa cipinda ca kumanja, pamene kugunda kulikonse kumayambira. A Willem Einthoven a ku Holland anapanga makina ojambula magetsi a mtima kucokera pakhungu, ndiwo makina a ECG amene timawaona m'zipatala, ndipo analandira nao mphotho ya Nobel mu 1924. Tsono njira inali kudziwika, cithunzi cinali kuoneka papepala, koma cimene cimacititsa maselo kuyaka ndi kuzima okha mobwerezabwereza cinali cisanadziwike.

PHUNZIRO LOCOKERA M'NYANJA

Khomo linatsegulidwa ndi akatswiri awiri a ku Cambridge, a Alan Hodgkin ndi a Andrew Huxley. Iwo anali kufufuza minyewa imene imanyamula mauthenga m'thupi. Ku Plymouth, m'mphepete mwa nyanja, anali kugwiritsa nchito nyama ya m'madzi yochedwa squid, imene ili ndi mnyewa waukulu kotero kuti munthu angathe kulowetsamo kawaya. Atayeza mmene sodiyamu ndi potaziyamu amalowera ndi kutuluka, analemba zonse m'masamu, ndipo mu 1952 anaonetsa kuti masamuwo akawerengedwa bwino amabala uthenga wofanana ndi wa mnyewa weniweni, kukula kwake ndi liwiro lake lomwe. A Huxley anawerengera zimenezi pa makina opukusa ndi dzanja, nchito imene inawatengera masabata. Mu 1963 awiriwa analandira mphotho ya Nobel.

Koma mtima unali ndi mwambi wakewake. Mnyewa umayaka ndi kuzima m'kanthawi kocepa zedi, pafupifupi gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi. Selo la mtima likayaka limakhala ciyakire kwa pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu a sekondi, kuti mnofu upeze mpata wofinya magazi. Ndiponso mnyewa umadikira kuti uyatsidwe, pamene maselo ena a mtima amadziyatsa okha. Kodi masamu ocokera ku nyama ya m'nyanja akanatha kufotokoza zimenezi?

MWANA WA ATELALA

A Denis Noble anabadwira mu London pa 16 November 1936, m'banja la atelala. Ataphunzira pa Emanuel School analowa University College London, kumene anayamba kufufuza za mtima moyang'aniridwa ndi a Otto Hutter. A Hutter anali Myuda wobadwira ku Vienna, amene anafika ku Britain ali mnyamata mu 1938 pamodzi ndi ana ena othawitsidwa ku nkhanza za Hitler. Pa kafukufuku wao anali kutenga mitima ya nkhosa kophera nyama, n'kucotsamo timinyewa ta Purkinje, n'kulasa selo limodzi ndi kasingano ka galasi kosongoka kuposa tsitsi kuti ayeze magetsi ake.

Anapeza kuti tizipata ta potaziyamu ta mumtima tili ta mitundu iwiri. Mtundu woyamba umacita zosiyana ndi za mu squid: selo likayaka umatsekeka, motero potaziyamu satuluka msanga ndipo selo limakhala ciyakire. Mtundu waciwiri umatseguka pang'onopang'ono, mocedwa, ndipo ndiwo umazimitsa selo pomaliza. A Noble anaganiza kuti akaika mitundu iwiriyi m'masamu a Hodgkin ndi Huxley, mwina masamuwo angaonetse khalidwe la mtima. Koma kuwerengera zimenezi pamanja kukanatenga miyezi yambiri. Panafunika kompyuta.

Masiku amenewo makompyuta anali owerengeka m'dziko lonse la Britain. Yunivesite ya London inali ndi ina yochedwa Ferranti Mercury, cimakina codzaza cipinda, coyendera mababu ambirimbiri onga a m'mawailesi akale. Malangizo anali kulembedwa poboola tizibowo pa lamba wa pepala, ndipo akatswiri a sayansi zosiyanasiyana anali kulimbirana nthawi yogwiritsa nchito makinawo. Pempho la a Noble linakanidwa poyamba, pakuti analibe maphunziro apamwamba a masamu ndipo sanali kudziwa kulamula makinawo. Oyang'anira atayang'ana masamu ao anafunsanso funso lovuta: mbali imene idzacititsa kugundako ili pati? M'masamumo munalibe ciliconse cimene cinalembedwa kuti cizibwerezabwereza monga nkoloko. A Noble analibe yankho pa nthawiyo.

Sanataye mtima. Anayamba kukhala nao m'makalasi a masamu, anaphunzira okha cinenero ca makinawo, nabwereranso kukapempha. Ulendo uno anapatsidwa maola awiri pa tsiku, kuyambira 2 koloko usiku mpaka 4 koloko mbandakuca, nthawi imene wina aliyense sanali kuifuna. Akacoka pa kompyuta anali kupita kophera nyama kukatenga mitima ya nkhosa kusanace, usana n'kukhala akuyeza m'cipinda cofufuzira, usiku n'kubwereranso ku makina. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita nthawi, manambala amene makina anali kutulutsa atajambulidwa papepala anaonetsa mzere wokwera mwadzidzidzi, wokhala pamwamba kanthawi, wotsika, kenaka wokweranso wokha popanda woudzutsa. Masamu anayi okha anali kugunda. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature mu 1960, ndipo kufotokoza kwathunthu kunatuluka mu Journal of Physiology mu 1962.

Yankho la funso lija la oyang'anira makina linapezeka m'zotsatira zomwezo. Kunalibe mbali imodzi yogunda. Tizipata timasintha mphamvu ya magetsi ya selo, ndipo mphamvu ya selo lonse ndiyo imalamula tizipata kutseguka kapena kutsekeka. Kudalirana kumeneku kukadulidwa, mwacitsanzo wofufuza akagwira mphamvu ya selo ndi makina kuti isasinthe, kugunda kumatheratu ngakhale tizipata tonse tilipo. Kacipata pakokha sikagunda. Cimene cimagunda ndi selo lathunthu.

PAMENE MASAMU ANAPHONYA

Masamu otere, amene amatsanzira cinthu camoyo, tingawachule kuti cifaniziro. Cifaniziro ca mu 1962 cinali kugunda ndithu, koma sicinali cathunthu, pakuti munalibe mcere wina wofunika, kashiamu. Kale mu 1883, pa koleji yomweyo ya University College London, a Sydney Ringer anali atapeza kuti mtima wa cule sungagunde popanda kashiamu. Anazindikira zimenezi pamene wowathandiza anagwiritsa nchito madzi a pampopi, amene anali ndi kashiamu, m'malo mwa madzi ochezedwa opanda mcere uliwonse, ndipo mitima inagunda nthawi yaitali. Koma zakuti kashiamu ali ndi tizipata takenso pa mpanda wa selo la mtima zinadziwika mu 1967, kudzera m'zoyeza za a Harald Reuter a ku Germany. Zinaoneka kuti nchito yosunga selo ciyakire, imene a Noble anaipereka kwa sodiyamu yekha, mbali yake yaikulu ndi ya kashiamu, ndiponso kuti kashiamu wolowayo ndiye amacititsa mnofu kufinyika.

Pamenepo n'kuti a Noble atasamukira ku Oxford, kumene anayamba kuphunzitsa pa Balliol College mu 1963. Kumeneko anagwira nchito ndi a Richard Tsien, wophunzira wocokera ku America amene poyamba anacita za uinjiniya wa magetsi, ndipo anapeza tizipata tinanso ta potaziyamu. Mu 1975 a McAllister, a Noble ndi a Tsien anatulutsa cifaniziro catsopano. M'menemo anati selo limadziyatsa lokha cifukwa kacipata kena ka potaziyamu kamatsekeka pang'onopang'ono selo likamapuma. Kufotokoza kumeneku kunagwirizana bwino ndi zoyezedwa, ndipo akatswiri ambiri anakulandira.

Mu 1979, ku Oxford komweko, akatswiri atatu anali kuyeza maselo a pamalo paja poyambira kugunda, mumtima wa kalulu. Iwowa anali Mai Hilary Brown, a Dario DiFrancesco a ku Italy, ndi Mai Susan Noble, akazi ao a Denis. Anapeza kacipata ka khalidwe lacilendo. Tizipata tambiri timatseguka selo likayaka, koma aka kamatseguka selo likazima, n'kumalowetsa magetsi pang'onopang'ono mpaka selo litayakanso. Cifukwa ca kudabwitsa kwake anakapatsa dzina la Cizungu lakuti funny, ndiko kunena kuti kacilendo. Posakhalitsa a DiFrancesco anaonetsa kuti kacipata kaja kamene a Noble ndi a Tsien anakafotokoza kwa zaka zoposa khumi kanali komweka. Selo likamapuma kanali kutseguka ndi kulowetsa sodiyamu, pamene iwo anali kuganiza kuti kanali kutsekeka ndi kuletsa potaziyamu kutuluka. Mzati wa cifaniziro ca mu 1975 unali utagwa.

Anthu ambiri zikafika potere amayamba kuteteza dzina lao. A Noble anabwerera ku kompyuta kukafufuza kuti zinatheka bwanji kuti zoyezedwa zoona zibale yankho lolakwa. Masamu anaonetsa kuti m'timipata topanikizika ta pakati pa maselo, potaziyamu anali kucepa pa nthawi yomwe kuyeza kunali kucitika, ndipo kusinthaku ndiko kunanyenga oyeza. Atamvetsa zimenezi anagwirizana ndi munthu yemwe anagwetsa maganizo aoyo, ndipo mu 1985 anatulutsa cifaniziro cochedwa ca DiFrancesco ndi Noble. Tsopano munali kacipata kacilendo kaja, munali timapampu totulutsa sodiyamu ndi kulowetsa potaziyamu, munalinso kacida kosinthanitsa tizigawo titatu ta sodiyamu ndi kamodzi ka kashiamu. Masamu ananeneratu kuti kusinthanitsaku kuyenera kubala magetsi ake, ndipo mu 1986 akatswiri a ku Japan anawayeza nawapezadi.

A Noble ananena kawirikawiri m'zolemba zao kuti anaphunzira zambiri pa zolephera monga momwe anaphunzirira pa zopambana, ndipo mu 2011 analemba nkhani yathunthu yondandalika mbali zonse ziwiri. Cifukwa cake n'comveka. Munthu akamafotokoza ndi pakamwa angathe kulambalala pamene sakudziwa, koma masamu amafuna nambala pa kacipata kalikonse, ndipo kanthu kakasowa, mzere wa pakompyuta umasiyana poyera ndi mzere wa selo lamoyo. Pamene mizere iwiriyo yasiyana ndi pamene wofufuza amadziwira pokumba. Anzao m'nchito anawalemekeza cifukwa ca zimenezi: mu 1979 anasankhidwa kulowa m'bungwe la akatswiri la Royal Society, ndipo kuyambira 1984 mpaka 2004 anali pulofesa wa za mtima ndi mitsempha ya magazi pa Yunivesite ya Oxford.

PHINDU KWA ODWALA

Wina angafunse kuti kodi zonsezi zili ndi phindu lanji kwa munthu wogona m'cipatala. Tiyambe ndi kacipata kacilendo kaja. Pali odwala amene mtima wao umathamanga kupyola mphamvu zake, monga amene amamva kupweteka pacifuwa akagwira nchito, kapena amene mtima wao unafooka, ndipo dokotala amafuna kuucepetsa liwiro. Kutseka kacipata kameneka kunaoneka ngati njira yabwino, koma panali mantha: ngati ndiko kamadzutsa mtima, kodi kukatseka sikungauimitse? Zoyeza ndi zifaniziro zinagwirizana kuti ayi. Kacipatako kakatsekedwa, tizipata tina timene tinali kungothandizako pang'ono timalandira katunduyo, ndipo mtima umangocepetsa liwiro osaima. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la kugunda kwa mtima lili pa mitu yambiri, kotero kuti umodzi ukacoka silikugwa. Mankhwala ochedwa ivabradine, amene amatseka kacipata kameneka, analoledwa ku Ulaya mu 2005.

Phindu laciwiri n'lalikulu koposa. Mwa tizipata ta potaziyamu tozimitsa selo pali kena, kamene akatswiri amakachula kuti hERG, kamene mankhwala ambiri amatha kukatseka mwangozi, ngakhale mankhwala osakhudzana ndi mtima. Zikatero selo limacedwa kuzima, ndipo nthawi zina limayakanso nthawi isanakwane. Uthenga wa magetsi, m'malo modutsa kamodzi mumtima ndi kutha, ungayambe kuzungulira ngati kamvuluvulu. Mtima umangonjenjemera osakankha magazi, munthu amakomoka, ndipo akapanda kuthandizidwa angafe m'mphindi zocepa. Cifukwa ca ngozi imeneyi, mankhwala a ziwengo ochedwa terfenadine anacotsedwa pamsika ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo a m'mimba ochedwa cisapride anatsatira mu 2000.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso. Mankhwala ena a malungo, monga kwinini, kolorokwini ndi halofantrine, amacedwetsa selo la mtima kuzima, ndipo halofantrine anadziwika kwambiri ndi vuto limeneli. Odwala cifuwa cacikulu cosamva mankhwala wamba, amene amalandira bedaquiline, amajambulidwa mtima pa ECG nthawi ndi nthawi pa cifukwa comweci. Mankhwala amenewa apulumutsa miyoyo yambiri akaperekedwa pa mlingo woyenera. Ngozi imakula munthu akapyola mlingo, akasakaniza mankhwala angapo a khalidwe lofanana, kapena thupi lake likataya potaziyamu cifukwa ca kusanza ndi kutsegula m'mimba.

Kuyeza kacipata kamodzi kokha sikukwanira kuti tidziwe mankhwala oopsa. Alipo mankhwala, monga verapamil, amene amatseka hERG koma sabweretsa ngoziyi, popeza amatsekanso kacipata ka kashiamu, ndipo ziwirizi zimalinganizana. Kuti munthu adziwe cotsatira ca kusintha tizipata tingapo nthawi imodzi, ayenera kuwerengera selo lonse, ndiyo nchito ya cifaniziro. Mu 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku America, la FDA, pamodzi ndi mabungwe ena, linayambitsa dongosolo lochedwa CiPA, limene mbali yake ina ndi kuyesa mankhwala pa selo la munthu la pakompyuta. Anasankha cifaniziro cimene a Thomas O'Hara ndi a Yoram Rudy anatulutsa mu 2011 pogwiritsa nchito zoyezedwa pa mitima ya anthu. Pamene ca mu 1962 cinali ndi masamu anayi, ici cili ndi pafupifupi 40. Mu 2017 gulu la ku Oxford lotsogoleredwa ndi Mai Blanca Rodriguez linayesa mankhwala 62 pa maselo a pakompyuta, ndipo linazindikira molondola oopsa ndi osaopsa pafupifupi ka 9 pa 10 paliponse. Njira imeneyi imacepetsanso ciwerengero ca nyama zophedwa poyesa mankhwala.

KUCOKERA PA SELO KUFIKA PA MTIMA WONSE

Kamvuluvulu uja sangaoneke m'selo limodzi. Amafuna mtima wathunthu, ndi makoma ake ndi mmene ulusi wa mnofu unalukidwira. Ku Auckland, m'dziko la New Zealand, a Peter Hunter ndi anzao anayeza mosamala kumene ulusi umenewu umaloza pa mbali iliyonse ya mtima, ndipo m'zaka za m'ma 1990 nchito yao inaphatikizidwa ndi zifaniziro za maselo za ku Oxford. Makompyuta anali atakula mphamvu, kotero kuti zinatheka kuona uthenga wa magetsi ukuyenda mumtima wonse pa galasi la kompyuta. Mu 1997, pa msonkhano wa akatswiri a za thupi a dziko lonse mumzinda wa St Petersburg, panakhazikitsidwa nchito yochedwa Physiome Project, yofuna kuti ziwalo zonse za thupi zikhale ndi zifaniziro zimene ofufuza a m'maiko onse angagawane. A Noble anali mlembi wamkulu wa bungwe la akatswiriwo kuyambira 1993 mpaka 2001, ndipo anakhala pulezidenti wake kuyambira 2009 mpaka 2017.

Ena anapitiriza ulendowu mpaka pa bedi la wodwala. Ku Yunivesite ya Johns Hopkins ku America, gulu la Mai Natalia Trayanova linatenga zithunzi za MRI za anthu 41 amene mnofu wa mtima wao unaonongeka mtsempha wa magazi utatsekeka, n'kupangira aliyense mtima wake wa pakompyuta, pamodzi ndi zipsera zake. Kenaka anali kuuyatsa mtimawo m'malo osiyanasiyana kuti aone ngati kamvuluvulu angayambike. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2016 zinaonetsa kuti njirayi inazindikira amene anali pangozi bwino kuposa kayezedwe kozolowereka. Njira zotere zikali kuyesedwa, koma cilinga cake n'cakuti dokotala adziwe amene akufunikadi kuikidwa kamakina koteteza mtima, ndiponso malo enieni ofunika kukonza.

NYIMBO YA MOYO

Atapuma pa mpando wa upulofesa, a Noble anabwerera ku funso lija limene anafunsidwa ali wophunzira. Pa nthawiyo akatswiri anali atangomaliza kuwerenga DNA ya munthu, mmene muli malangizo a cibadwa, ndipo ambiri anali kuyembekezera kuti zinsinsi zonse za thupi zidzapezeka m'menemo. Mu 2006 a Noble anatulutsa buku lochedwa The Music of Life lotsutsa ciyembekezo cimeneci. Mfundo yao inacokera mumtima momwemo. DNA ili ndi malangizo opangira tizipata, koma kugunda sikunalembedwe paliponse mu DNA. Kumabadwa pamene tizipata tili m'selo lamoyo, selo lili mumtima, mtima uli m'thupi, ndipo ciliconse cikulamula cinzake, zazing'ono kulamula zazikulu, zazikulu kulamulanso zazing'ono. Tinganene kuti mano a kalimba ndi ofunika onse, koma munthu sangapeze nyimbo powazula ndi kuyang'ana dzino limodzi limodzi.

Maganizo amenewa anawafikitsa pa mtsutso ndi a Richard Dawkins, mlembi wa buku lochuka la The Selfish Gene la mu 1976, limene limaika malangizo a cibadwa patsogolo pa zonse. Cosangalatsa n'cakuti mu 1966 a Noble anali mmodzi wa oyesa mayeso a udokotala a a Dawkins ku Oxford, ndipo mu 2022 awiriwa anakambirana nkhaniyi pamaso pa anthu. Akatswiri ambiri a zamoyo savomereza zonse zimene a Noble amanena pa za kusintha kwa zolengedwa m'mibadwo, ndipo mtsutsowo sunathe. Koma pa za mtima palibe amene amakana kuti njira imene ofufuza a lero akuyendamo inalambulidwa mu 1960. Dzina la buku lija silinabwere mwangozi, pakuti iwo ndi munthu wa nyimbo: anaphunzira kuimba gitala, ndipo anathandiza kuyambitsa gulu la Oxford Trobadors loimba nyimbo zakale za kumwera kwa France m'cinenero ca Occitan.

Inu owerenga mungathe kumva nokha nchito ya tizipata timeneti. Ikani zala ziwiri pa mkono, m'munsi mwa cala cacikulu, ndipo muwerenge kwa mphindi imodzi. Kwa munthu wamkulu amene wakhala pansi ndi kupuma, kugunda kumakhala pakati pa 60 ndi 100, ndipo kumatsatana molongosoka. Ngati kukulumphalumpha kawirikawiri, ngati mtima ukuthamanga popanda cifukwa, kapena ngati munthu wakomoka, makamaka atangoyamba kumwa mankhwala atsopano, apite kucipatala msanga atatenga mankhwala onse amene akumwa, a kucipatala ndi ogula okha omwe. Dokotala afunika kuwaona onse pamodzi, pakuti mumtima kacipata kamodzi kakakhudzidwa, tinzake tonse timamva.